Pulley ya supercharger pa Mini Cooper S: ndiichepetse mpaka pati kuno ku Salima?

Funso: Ndili ndi Mini Cooper S ya 2005 imene ndinaitanitsa ku Japan. Ndimakhala ku Senga Bay koma ndimapita ku Lilongwe kawiri pa sabata. Ogulitsa zipangizo pa intaneti ali ndi ma pulley a supercharger ochepetsedwa ndi 15, 17 ndi 19 peresenti, ndipo mitengo yake siisiyana kwenikweni. Mnzanga akuti ndingotenga ya 19 chifukwa ndiyo ipereke boost yambiri. Kodi ndisankhe iti, nanga pali china choyenera kusintha?

Yankho: Zikomo bambo chifukwa cha funso lanu. Ndiyambe ndi maganizo anga kuti musachite kuwafufuza kumapeto. Pa galimoto yogona ku Salima ndi kumwa petulo wa pa mapampu athu, tengani ya 15 peresenti, ndipo ngakhale imeneyo muiike pokhapokha mutatsimikiza kuti zinthu zingapo zimene ndifotokoze m'munsimu zili bwino. Mnzanuyo sakunama kuti ya 19 idzakweza singano ya boost kuposa zinazo, koma singano ija imangoyeza kuthinana kwa mpweya m'mapaipi, siyeza mphamvu imene ikufika ku matayala, ndipo m'dera lotentha ngati lathu lino zinthu ziwirizi sizichedwa kupatukana.

Supercharger, makina okankhira mpweya wochuluka m'injini, imasiyana ndi turbo pa chinthu chimodzi chachikulu. Turbo imazunguzidwa ndi utsi wotuluka m'injini, pamene supercharger imakokedwa ndi lamba kuchokera pa pulley (gudumu lokulungapo lamba) ya crankshaft, shafiti yaikulu imene mapisitoni amazunguza, choncho liwiro lake limadalira liwiro la injini ndi kukula kwa ma pulley awiriwo basi. Aliyense amene anapalasapo njinga ya magiya akudziwa kale mmene zimenezi zimayendera: tcheni chikapita pa giya yaing'ono ya kumbuyo, tayala limazungulira kwambiri pa kupalasa kumodzi, koma miyendo imamva kulemera. Pulley ya pa supercharger ndiyo giya ya kumbuyo ija, ndipo miyendo ndi injini yanu. Mphamvu yozunguzira supercharger siichokera kwina, imachotsedwa pa crankshaft yomweyo imene ikuyenera kukankha galimoto.

Masamu ake ndi osavuta. Gawani kukula kwa pulley ya crankshaft ndi kukula kwa pulley ya supercharger, kenaka muchulukitse ndi liwiro la injini. Tiyerekeze kuti mwayeza ndipo mwapeza mamilimita 135 pansi, pa crankshaft, ndi mamilimita 65 pamwamba, pa supercharger. Ndiye kuti supercharger ikuzungulira ka 2.08 injini ikazungulira kamodzi, ndipo injini ikafika pa 6,500 rpm (kuzungulira ka 6,500 pa mphindi), supercharger imakhala pa 13,500 rpm. Mukaika pulley ya mamilimita 55, yomwe ndi yochepetsedwa ndi pafupifupi 15 peresenti, nambala ija imakwera kufika pa 2.45, ndipo supercharger imayandikira 16,000 rpm. Onani bwino pamenepa, chifukwa anthu ambiri amapusitsika: kuchepetsa pulley ndi 15 peresenti kumawonjezera liwiro ndi pafupifupi 18 peresenti, ya 17 imawonjezera 20, ndipo ya 19 imawonjezera 23. Poyeza, gwiritsani ntchito vernier caliper, choyezera cha mano awiri chimene amakaniko amayezera kukula kwa zitsulo, ndipo muyeze pa mizere imene lamba amagonapo, osati pa milomo ya m'mbali imene imamutchinga kuti asavuke, chifukwa milomoyo ndi yotalikirapo ndipo idzakusokonezerani masamu onse.

Supercharger ya m'galimoto yanu ndi Eaton M45, ya mtundu wa Roots. Nambala 45 ikutanthauza ma cubic inch 45, omwe ndi pafupifupi malita 0.75 a mpweya pa kuzungulira kumodzi. Injini yanu ndi ya malita 1.6, koma poti silinda iliyonse imakoka mpweya kamodzi pa kuzungulira kuwiri kwa crankshaft, injini yonse imameza malita 0.8 okha pa kuzungulira kumodzi. Ndi pulley ya ku fakitale, supercharger ikukankha malita pafupifupi 1.56 m'malo a malita 0.8, ndipo kupanikizana kumeneko ndiko timati boost. Pa pepala zimenezi zikupereka boost yoyandikira 0.95 bar (bar ndi muyezo wa kuthinana kwa mpweya), koma mpweya wina umathawa kubwerera m'mbali mwa ma rotor, zitsulo ziwiri zozungulira mkati mwa supercharger, choncho pa galimoto zenizeni timawona 0.7 mpaka 0.8 bar. Mukafuna kuyerekeza boost imene pulley yatsopano ingapereke, musachulukitse nambala ya pa singano yokha. Phatikizani kaye 1 bar ya mpweya wa kunja, muchulukitse ndi kuwonjezeka kwa liwiro, kenaka muchotsenso 1 bar ija. Ngati lero muli pa 0.75, ndiye 1.75 kuchulukitsa ndi 1.18 ndi 2.06, kutanthauza boost ya 1.0 bar kapena kupitirirako pang'ono. Ya 19 peresenti pa masamu omwewo ikupatsani 1.15 bar.

Tsopano tifike pa nkhani ya kutentha, poti ndi pamene pagona yankho lonse. Mpweya uliwonse ukapanikizidwa umatentha, monga mmene pampu ya njinga imatenthera kumunsi mukapopa tayala kwa kanthawi. Supercharger ya Roots yakale ngati M45 siipanikiza mpweya mkati mwake, imangouwunjika kutsogolo kuti ukapanikizane wokha, ndipo njira imeneyi imatenthetsa mpweya kwambiri kuposa ya twin-screw kapena ya centrifugal. Choipa china n'chakuti ikamazungulira mopitirira liwiro limene anaipangira, gawo lalikulu la mphamvu yowonjezerayo limasanduka kutentha osati mpweya wochuluka. Tiwerengere masana a mu Okutobala pa Kamuzu Road, pamene madigiri 35 si chinthu chachilendo. Pa boost ya 0.8 bar, supercharger ikugwira ntchito yake pa 60 peresenti, mpweya umatuluka uli pa madigiri pafupifupi 130. Pa boost ya 1.1 bar, kagwiridwe kake katatsikira pa 55 peresenti, mpweyawo umapitirira madigiri 160. Mpweya wotentha umafufuma, choncho umakankha singano ya boost m'mwamba pamene oxygen ali m'menemo ndi wochepa kuposa mmene singanoyo ikunenera. N'chifukwa chake galimoto iwiri ikhoza kusiyana ndi 0.15 bar pa singano koma n'kumakoka chimodzimodzi pa msewu.

Ntchito yoziziritsa mpweya umenewu ndi ya intercooler, ndipo pa Mini yanu intercooler ili pamwamba pa injini, pansi pa kabowo ka pa boneti. Galimoto ikamathamanga mphepo imalowa pa kabowoko n'kuiziziritsa, koma mukaima pa dzuwa pa msika wa Salima injini ikulira, kapena mukamatsatira thiraki yodzaza pa mtunda, intercooler imamwa kutentha kwa injini ndipo imatenga kanthawi kuti izizirenso. Ndi pa nthawi yomweyo pamene dalaivala amaponda moto kuti apitirire thiraki ija.

Palinso chinthu china chimene olemba malangizo a ku Ulaya ndi ku America sachiganizira chifukwa sakudziwa msewu wa M14. Nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 475 kuchokera pa nyanja ya mchere, pamene Lilongwe ili pa mamita opitirira 1,000. Mpweya wa ku Senga Bay ndi wolemera pafupifupi 0.96 bar, wa ku Lilongwe pafupifupi 0.89 bar. Supercharger yokokedwa ndi lamba siidziwa kuti ili kuti, imangochulukitsa mpweya umene yaupeza, choncho pulley yomweyo imapanikiza masilinda ndi 7 peresenti yowonjezera mukatsikira ku nyanja, ndipo mpweyawo umakhalanso wotentha kuposa wa kumtunda. Galimoto imene anaikonzera ndi kuiyesera ku Lilongwe m'mawa wa mu Juni, n'kupezeka kuti ili bwinobwino, ikhoza kukhala pangozi ikamachoka ku Salima masana a mu Novembala n'kuyamba kukwera mapiri a ku Mvera. Inu mumayenda msewu umenewu kanayi pa sabata, choncho pulley yanu muisankhire tsiku lotentha kwambiri kunsi kuno, osati tsiku lozizira kumtunda.

Ngozi imene ndikunenayi ndi kuphulika kwa petulo m'silinda nthawi yake isanakwane. Mwadongosolo lake, pulagi imayatsa moto ndipo motowo umayenda pang'onopang'ono kudutsa m'silinda. Koma kutentha ndi kupanikizana zikapitirira zimene petulo angapirire, gawo lotsala limaphulika lokha mwadzidzidzi, ndipo limamenya pisitoni ngati hamala. Kumveka kwake kuli ngati timiyala tikugwedezeka m'chitini, koma pa liwiro lalikulu, supercharger ikulira, khutu silimva. Kuno kwathu tikati injini yanoka timatanthauza kuti yafa ndipo ikufunika kumasula yonse, koma liwuli linachokera ku liwu la Chingerezi lakuti knock, kugogoda komweku, ndipo kawirikawiri kugogoda ndiko kumayamba, kunoka n'kutsatira. Opanga galimoto yanu anaipatsa compression (mmene pisitoni imafinyira mpweya m'silinda) yotsika ya 8.3:1 komanso knock sensor imene imauza kompyuta kuti ichedwetse moto wa mapulagi ikangomva kugogoda. Chitetezo chimenechi chimagwira ntchito, koma chili ndi mtengo wake: moto ukachedwetsedwa mphamvu imatsika ndipo utsi umatuluka wotentha kwambiri. Apa mpamene pulley ya 19 imakhala yangobwereka mphamvu ndi dzanja lamanja n'kuibweza ndi lamanzere. Ndipo kompyuta ili ndi malire a mmene ingachedwetsere moto, kupitirira apo pisitoni imatsala yokha.

Ndinaionapo pisitoni yotere pa benchi langa. Mnyamata wina anabweretsa galimoto ya mtundu womwewu ikutulutsa utsi wa buluu ndi kunjenjemera ikaima, ataikidwa pulley yaing'ono kwambiri kwina popanda kusintha china chilichonse. Titatsegula tinapeza kuti kachidutswa ka pakati pa ring yoyamba ndi yachiwiri kanathyoka, kakang'ono ngati njere ya mtedza, ndipo m'mphepete mwa pisitoni munali tizibowo ngati chitsulo chodyedwa ndi dzimbiri. Pa mapulagi panali timadontho tonyezimira ta aluminiyamu. Mwiniwake analumbira kuti sanamvepo phokoso lililonse lachilendo, ndipo ndinamukhulupirira.

N'kothandiza kuona zimene opanga Mini anachita pamene ankafuna mphamvu yambiri pa injini yomweyi. Galimoto yanu inatuluka ndi ma horsepower 170, ndipo ya John Cooper Works, mtundu wa Cooper S wowonjezeredwa mphamvu, ya zaka zomwezo inafika pa 210. Pulley yake anaichepetsa ndi pafupifupi 11 peresenti yokha, ndipo mphamvu yotsalayo anaipeza potakasa njira za mpweya mu cylinder head, posintha ekizozi, mapulagi, ma injector opopera petulo m'injini ndi pulogalamu ya kompyuta. Anthu amene anali ndi zipangizo zonse zoyesera, komanso petulo wabwino kwambiri, sanathamangire pulley yaing'ono.

Mini Cooper S ya zaka 2002 mpaka 2006 ilinso ndi khalidwe lake limene galimoto zina zilibe, ndipo ku Salima ndi lofunika kulidziwa. Pampu ya madzi oziziritsa injini siikokedwa ndi lamba payokha, imazunguzidwa ndi timagiya ta kumbuyo kwa supercharger. Mukafulumizitsa supercharger ndi 23 peresenti, mwafulumizitsanso pampu ya madzi ndi 23 peresenti, ndipo pampu ikathamanga mopitirira imayamba kupanga thovu m'malo mokankha madzi, makamaka injini ikakhala pa liwiro lalikulu kwa nthawi yaitali. Timagiya timeneti tili ndi oyilo wawowawo wochepa kwambiri, wosiyana ndi wa injini, ndipo pa galimoto ya 2005 n'kutheka kuti palibe anamuyang'anapo chiitulutsireni ku fakitale. Oyilo ameneyu akauma timagiya timadyana, pampu imasiya kuzungulira, ndipo injini imawira pamene lamba akuoneka kuti ali bwinobwino. Ngati supercharger yanu ikumveka kukhotchola injini ikamalira yokha pamalo amodzi, ichotsedwe kaye, oyilo wa kutsogolo ndi wa kumbuyo kwake asinthidwe, nkhani ya pulley ibwere pambuyo.

Za lamba sinditaya nthawi yambiri, koma musazipeputse. Pulley ikachepa, gawo la lamba limene likuikumbatira limachepanso, pamene katundu wofunika kukoka wakula. Lamba wakale amakhala wautali kwa pulley yatsopano, ndipo tensioner, kachipangizo kokungira lamba, imafika kumapeto kwa mphamvu yake isanamukunge mokwanira, choncho gulani lamba wofupikirapo amene wogulitsa pulley watchula. Nambala ya pa lamba imadzifotokoza yokha, mwachitsanzo 6PK1370 ndi lamba wa mizere 6 wotalika mamilimita 1,370. Zizindikiro za lamba woterereka ndi fumbi lakuda la labala pafupi ndi pulley, komanso boost imene imakwera bwino kenaka n'kuyamba kutsika injini ikapitirira 5,000 rpm. Ambiri amene amaika ya 19 amakumana ndi zimenezi, ndipo boost imene anaigulayo imathera m'fumbi lakuda lija. Tensioner yotopa musinthiretu nthawi yomweyo.

Njira ina yofulumizitsira supercharger ndi kukulitsa pulley ya pansi m'malo mochepetsa ya pamwamba. Ubwino wake ndi wakuti lamba sataya pogwira, ndipo masamu ake amachulukitsana: ya 15 peresenti pamwamba ndi yokulitsidwa ndi 2 peresenti pansi zimafanana ndi ya 17. Koma pulley ya pansi imakokanso alternator ndi kompuresa ya AC, ndipo zonsezo zimafulumira nawo. Chachikulu n'chakuti pulley ya crankshaft ili ndi labala mkati mwake amene amameza kunjenjemera kwa crankshaft. Ine sindilola kuichotsa n'kuikapo chigulumwa cha aluminiyamu chopanda labala ngakhale chikhale chopepuka chotani. Ngati labala wa yanu wang'ambika, monga zimachitikira kawirikawiri pa galimoto zimenezi zikakalamba, gulani ina yokhala ndi damper, labala womeza kunjenjemera uja.

Mpweya wowonjezera umafuna petulo wowonjezera. Injini ikamayenda pang'onopang'ono imasakaniza magawo 14.7 a mpweya ndi gawo limodzi la petulo, koma ikakhala pa boost yonse timafuna pakati pa 11.5 ndi 12, chifukwa petulo wapadera uja amaziziritsa silinda. Ma injector sayenera kutseguka kupitirira 85 peresenti ya nthawi yake, ndipo a ku fakitale amakwanitsa pulley ya 15 koma amayandikira malire pa zazing'ono kuposa apo. Petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol, wina wake wopangidwa kuchokera ku nzimbe ku Dwangwa m'boma la Nkhotakota. Ethanol amathandiza kulimbana ndi kugogoda, koma amafunika wochulukirapo kuti apereke moto wofanana, choncho ma injector amagwira ntchito yowonjezera pang'ono. Vuto lalikulu ndi lakuti pa pampu zathu simusankha octane monga amachitira a ku Johannesburg, mumamwa amene alipo. Ndipo mafuta akasowa, anthu n'kuyamba kugula a m'zigubu m'mbali mwa msewu, palibe amadziwa chimene chili m'chigubumo. Tsiku limene mwakakamizika kuthira wa m'chigubu, yendetsani galimoto ngati mwanyamula mazira mpaka thankiyo ithe. Mapulagi ikani ozizirirapo ndi sitepe imodzi, ndiye kuti otaya kutentha msanga kuposa a ku fakitale, monga anachitira a John Cooper Works.

Musanagule chilichonse, yezani boost imene muli nayo lero. Ndaonapo galimoto zingapo zimene eni ake ankati zafooka ndipo zikufunika pulley, koma vuto linali bypass valve, valavu yolambalalitsa mpweya boost ikakhala yosafunika, imene sipiring'i yake inatopa moti siinkatsekeka bwino, kapena malabala olumikiza intercooler amene anang'ambika. Ngati singano siikufika pa 0.7 bar, konzani zimenezo kaye, mwina mphamvu imene mukuisaka ili pomwepo. Makaniko ayezenso compression ya masilinda onse anayi kuti aone ngati sakusiyana ndi zoposa 10 peresenti, atsuke intercooler mkati kuchotsa oyilo, awongole timapepala take topindika, ndipo ayang'ane rediyeta, thermostat ndi fani. Fyuluta ya mpweya isamalidwe, chifukwa fumbi la m'chilimwe likalowa limakanda utoto wa pa ma rotor, ndipo mpata ukakula pakati pawo boost imathawa.

Pulley ya ku fakitale inachita kukanikizidwa pa shafiti, ilibe boti yomasula, ndipo imachoka ndi puller yopangira ntchito imeneyi. Musalole munthu aliyense kuimenya ndi hamala kapena kuiwotcha ndi moto wa gasi, chifukwa kumbuyo kwake kuli ma bearing ndi seal zimene sizipezeka m'sitolo za ku Salima kapena ku Nkhotakota. Itanitsani puller pamodzi ndi pulley. Yatsopanoyo imagwira shafiti ndi timaboti tomangidwa mosinthanasinthana, ndipo iyenera kukhala pa mzere umodzi ndi ma pulley enawo, apo ayi lamba amadyeka m'mbali n'kuvuka.

Kwa owerenga ena amene ali ndi galimoto zina, masamu a liwiro ndi omwewa koma zotsatira zimasiyana. Pa supercharger ya centrifugal, monga za Rotrex, Vortech kapena ProCharger, boost imakwera mofulumira kwambiri kuposa liwiro, moti kuwonjezera liwiro ndi 10 peresenti kumakweza boost ndi pafupifupi 20 peresenti, ndipo mkati mwake muli magiya ena ochulukitsa liwiro amene ayenera kulowa m'masamu. Amene muli ndi Nissan Note ya injini ya HR12DDR, imene yadzaza m'misewu yathu, musaikhudze n'komwe. Supercharger yake anaiikira kupulumutsa mafuta, compression yake ndi 12:1, ndipo giyabokosi yake ya CVT siinapangidwire katundu wowonjezera.

Mukaika ya 15 ija, yembekezerani ma horsepower owonjezera pafupifupi 15, ndipo mudzawamva kwambiri pakati pa 2,500 ndi 5,000 rpm, pomwe munthu amayendetsa tsiku ndi tsiku. Gulani kachipangizo ka OBD2 kolumikiza ku foni, mupeze mnzanu woti azikuwerengerani manambala inu maso ali pa msewu, ndipo musankhe malo owongoka opanda a kabaza, ana a sukulu ndi mbuzi. Yesani masana kukutentha, mu giya yachitatu, kuyambira 2,500 rpm kukwera. Muziona zinthu ziwiri, kutentha kwa mpweya wolowa m'injini ndi nthawi ya moto wa mapulagi. Ngati mpweya ukupitirira madigiri 60 utadutsa kale mu intercooler, kapena nambala ya moto ikugwa mwadzidzidzi ndi madigiri angapo pakati pa kukoka, chotsani phazi, ndipo ndalama yotsatira ipite ku intercooler ndi kwa munthu wodziwa kukonza pulogalamu ya kompyuta ali ndi wideband sensor yoyezera kusakanizika kwa mpweya ndi petulo. Bwerezani kuyesako katatu motsatizana, chifukwa kukoka koyamba intercooler imakhala ikadali yozizira, ndipo ndi kwachitatu kumene kumafanana ndi zimene galimoto idzakumane nazo pa mtunda wa ku Mvera. Pakatha sabata, tsegulani boneti muyang'ane fumbi lakuda pafupi ndi pulley, mumangenso timaboti take, ndipo mutulutse mapulagi muone ngati pali timadontho tonyezimira.